Za Munthu wa Mkuwa Wokwera pa Kavalo

M'mudzi wa Memphis, ku America, munaima cifaniziro ca mkuwa kuyambira caka ca 1905: munthu wokwera pa kavalo, dzina lace Nathan Bedford Forrest, kazembe wa apakavalo pa nkhondo ya pacibale ya 1861 kufikira 1865. Ndipo m'caka ca 2017 eni mudzi anacicotsa. Alipo ena odandaula, nati, Kugwetsa cifaniziro ndiko kufafaniza mbiri. Ife a m'mbali mwa nyanja ino tikana mau amenewa.

Munthuyu anali yani? Nkhondo isanayambe analemera ndi kugulitsa akapolo m'Memphis momwemo. M'caka ca 1864 ankhondo ace anapha asilikali akuda ambiri pa Fort Pillow, angakhale iwo anali atataya zida zao. Nkhondo itatha anakhala mtsogoleri woyamba wa Ku Klux Klan, gulu loopseza akuda omasulidwa. Ati anali wolimba mtima ndi wocenjera pa nkhondo. Tibvomera. Koma Jumbe wa ku Nkhotakota nayenso anali wocenjera, ndipo zombo zace zinaolotsa abale athu kutsidya, pa ulendo wa magoli wa ku Kilwa. Kodi timuimikire cifaniziro pa doko? Iai ndithu!

Mbiri ikhala m'buku ndi pakamwa pa akulu, ndipo m'sukulu tiyenera kuiphunzitsa yonse, yokoma ndi yowawa yomwe. Koma nchito ya cifaniziro ca pabwalo ndiyo kutamanda. Mwana wopita pamenepo akweza maso, namva mumtima mwace kuti, Ukhale wotere.

Mlandu uwu utikhudza ife a ku Chintheche. Kuno Atonga anamanga malinga, napirikitsa nkhondo ya Angoni m'zaka za m'ma 1870. Lero adzukulu a Mbelwa ndi a Mankhambira aphunzira m'sukulu imodzi, nakwatirana. Tikaimika munthu wa mkondo, wina adzanyada, mnzace adzacita manyazi, ndipo bala lopola lidzatukusika. Ngati tifuna kuimika mwala, tikumbuke Clements Kadalie wa ku Chifira, amene m'caka ca 1919 anasonkhanitsa anchito a pa doko la Cape Town kuti alandire malipiro oyenera. Monganso mwala wa pa Nkhata Bay utikumbutsa iwo amene anaomberedwa pa 3 March 1959.

Mkuwa ukhalitsa koposa ife tonse. Cifukwa cace tiyambe tayesa nchito za munthu, tisanamkweze pamwamba pa ana athu.