Dzina lathu palibe pamndandanda

Ife amene tikulemba ndife aphunzitsi a makalasi a ana aang'ono m'sukulu za pulayimale za kuno ku Wenya, m'dera la Mfumu Mwenewenya, m'boma la Chitipa. Ena mwa ife timalandira malipiro a boma, ena ndife othandizira a kontirakiti, ena ndife ongodzipereka amene makolo amatisonkhera kangachepe mwezi ukatha. Choko chimene timagwira n'chimodzi. Nkhani imene tikulembayi tayiyankhula m'misonkhano ya kuzoni, tawauza ahedi, ahedi akauza owayang'anira, ndipo yankho lake limakhala lomwelomwelo: tamva, tikafikitsa. Tatopa nako kudikira, n'chifukwa chake talemba.

Dandaulo lathu ndi la maphunziro a kaphunzitsidwe ka kuwerenga. Mu 2016 boma lidakhazikitsa National Reading Programme, imene ife timangoti NRP, ndi thandizo la USAID ndi DFID, kuti mwana wa Sitandade 1 mpaka 4 adziwe kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi. Njira yophunzitsira idasintha. Kale tinkawaimbitsa ana a, e, i, o, u mpaka atalowa m'mutu. Tsopano mwana amayamba wamva liwu la lembo, n'kuliphatikiza ndi linzake, n'kupanga mawu. Mphunzitsi amayamba kuchita yekha, kenako achite pamodzi ndi ana, pomaliza ana achite okha. Njirayi sitikudana nayo ayi. Amene adaiphunzira bwino tidawaona ana awo akuwerenga chaka chisanathe. Koma si njira yoti munthu n'kuitola m'buku la mphunzitsi ali yekha usiku ndi tochi. Imafuna wina akuonetse, akumve ukutchula liwu, akukonze.

Apa ndiye pagona vuto. Maphunziro akamabwera ku TDC, malo ophunzitsirako aphunzitsi a m'zoni, kumabwera kalata yonena amene ayenera kupita: aphunzitsi a makalasi akutiakuti, amene ali ndi nambala ya ntchito ya boma. Papepala zimaoneka zolongosoka. Koma bwerani mudzaone amene wagwiradi Sitandade 1. Ambiri amene adaphunzitsidwa zaka zoyamba zija kuno kulibe. Wina adapempha kusamuka chifukwa cha matenda, wina adatsatira banja ku Karonga kapena ku Mzuzu, wina adapuma pantchito. Amene watsala, ahedi amamukweza ku Sitandade 8 poti kumeneko kuli mayeso ndipo mbiri ya sukulu imaonekera kumeneko. Ahedi sitiwada, aphunzitsi ndi ochepa. Kalasi ya tiana imagwera mtsikana wa MSCE amene komiti ya sukulu yamupempha kuti athandize, kapena wothandizira amene kontirakiti yake itha mawa. Ameneyo pamndandanda sakhalapo.

Mmodzi wa ife, wongodzipereka, wagwira Sitandade 1 zaka zitatu. Tsiku lina adauyamba ulendo wa ku TDC kusanache, wapansi, atanyamula kope ndi mbatata zophika. Adati ndalama sakuzifuna, angokhala kumbuyo amve. Adauzidwa mwaulemu ndithu kuti, “Pepani madamu, dzina lanu palibe, ndipo zakudya ndi mabuku zidawerengedwa kale.” Adakhala pakhonde, kumvera pazenera mpaka masana, n'kubwerera. Sukulu itatsegulira adali kutsogolo kwa ana opitirira 100, akuphunzitsa zimene adamva pazenera zija.

Nafenso amene mayina athu amatuluka, musaganize kuti tili pabwino. Maphunziro amaikidwa patchuthi. Tchuthi cha Disembala kuno ndi nthawi yobzala, yopalira ndi yothira feteleza. Mphunzitsi wakumudzi amadya za m'munda mwake, malipiro paokha sangamufikitse kumapeto a mwezi. Ukachoka masiku angapo ndiye kuti ulembe aganyu, ndi ndalama zimene ulibe. Kukafika ku TDC ena timayenda maola awiri, ena atatu, kuwoloka mitsinje yodzaza, nsapato zili m'manja. Wa njinga yamoto akaona matope mtengo amaukweza. Amene ali ndi khanda amalibereka, kapena kupita ndi mwana wolera amene naye afunika kudya. Umakongola, n'kumati ndidzabweza alawansi ikabwera.

Alawansiyo timasayinira tsiku lomaliza. Kubwera kwake ndi nkhani ina. Nthawi zina ipita mwezi, nthawi zina teremu yathunthu. Wina walandira, mnzake amene adakhala naye benchi imodzi sadalandire, akuti nambala idalakwika. Kuti ukaikonze upite kuboma. Msewu wa phula wochokera ku Karonga udathera pa Chitipa. Wathu uno, wodzera ku Chisenga kumka ku Nthalire, ndi fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja. Ukwere matola pamwamba pa matumba, ukafike ofesi atatseka, ugone kwa achibale kapena ulipire chipinda, m'mawa akuuze kuti wosayina wapita kumsonkhano. Pobwerera umawerengera n'kupeza kuti ulendo wadya zoposa zimene umakalondola. Ambiri timangozisiya. Wakatapila yekha ndiye saiwala, amabwera pakhomo tsiku lake lomwelo. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene wasayinira lero ikamadzafika imakhala itafota.

Zipangizo nazo ndi zomvetsa chisoni. Kumaphunziro amatiuza kuti kalasi izikhala yodzaza ndi malembo pakhoma, mwana aliyense azigwira buku lake. Mabuku amene adabwera zaka zija adang'ambika, ena adadyedwa ndi chiswe, ndipo buku limodzi amalizungulira ana asanu, ena akuliona chadodolido. Makadi a malembo timadula m'makatoni opempha kugolosale, zolembera tigule tokha. Kalasi yopanda chitseko, ukamata lero mawa mbuzi zadya. Amene amaphunzitsira pansi pa mtengo alibe ndi khoma lomwe.

Pali chinanso chimene timati tikachinena, otiphunzitsa amangoyang'anana. Mwana wa ku Wenya amabwera kusukulu ndi Chitumbuka. M'madera ena a Chitipa amabwera ndi Chilambya, Chisukwa, Chindali kapena Chinyiha. Maphunziro onse amatenga ngati mwanayo Chichewa adayamwira. Iwe ukuonetsa chithunzi kuti amve liwu loyamba la mawu akuti dzino, iye akuona jino. Ukuti madzi, iye akuti maji. Ukuti dzuwa, iye akuti zuŵa. Ukuti khasu, iye akudziwa jembe. Mwanayo sadalakwe, wanena zoona zake. Koma phunziro lafera pomwepo, ndipo buku likuti pakatha mphindi zakutizakuti upite pa ntchito ina. Ukafunsa ngati amva, kamwana kolimba mtima kamayankha kuti, “Nkhupulika yayi.” Enawo amangobwereza pambuyo pako ngati nyimbo, ukamayesa mmodzimmodzi n'kupeza kuti palibe chalowa. Nkhaniyi ndi yakale, tikudziwa. Chitumbuka chidachotsedwa m'sukulu mu 1968, mu 1996 kudabwera chilolezo choti makalasi oyamba aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo koma mabuku ake sitidawaone, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi patsogolo. Sitikufuna kutsegula mlandu umenewo lero. Tikungoti, m'masiku a maphunzirowo, tsiku limodzi lokha likadakhala lotionetsa mmene tingamuwolotsere mwana kuchoka pa maji kufika pa madzi. Aliyense amangodzipangira njira yake, ndipo mphunzitsi wochokera kumwera amene Chitumbuka sachimva amavutika kuposa tonse.

Kumayambiriro a 2025 tidamva pawailesi kuti boma la America laimitsa thandizo lodzera ku USAID. Chiyambire pamenepo mawu amene timamva kwambiri ndi akuti ndalama palibe, muziphunzitsana nokha pasukulu. Tiphunzitsane bwanji pamene wophunzitsidwa uja adachoka? Timakhala pansi Lachisanu masana, anthu anayi ndi buku limodzi, kutsutsana za katchulidwe ka liwu, wotiweruza palibe.

Akuluakulu mwa ife akukumbukira 1994, pamene a Bakili Muluzi adachotsa fizi ku pulayimale, ana n'kuchuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita kukoleji, ndipo pambuyo pake lidawaphunzitsa kudzera mu pulogalamu ya MIITEP ali pantchito pomwepo. Zidali ndi mavuto ake, koma nzeru yake idali yoona: phunzitsa amene waima kutsogolo kwa ana. Lero nzeru imeneyo yatayika kuti?

Mutikhululukire mabwana ngati mawu athu akhala owawa, si khalidwe lathu. Koma zimatipweteka, ndipo tapsa nazo mtima. Mukabwera kudzayendera, mumakhala kumbuyo kwa kalasi ndi fomu, n'kumulemba mphunzitsi kuti sakutsata ndondomeko, yemweyo amene adabwezedwa pakhomo la maphunziro. Zotsatira zikaipa mumati aphunzitsi akumudzi ndi aulesi. Makolo nawo amatiloza zala kuti mwana wafika Sitandade 4 osatha kulemba dzina lake. Ana amenewa ndi athu, ena ndi obereka tokha, timakumana nawo kutchalitchi ndi kuchigayo. Mukuganiza kuti sitimva manyazi?

Zimene tikupempha si zazikulu. Mndandanda uzichokera kusukulu, ahedi ndi komiti alembe amene wagwiradi kalasi teremu imeneyo, kaya ali ndi nambala kaya alibe. Wophunzitsidwa asachotsedwe ku makalasi a ana wina asanakonzedwe. Ndalama ya ulendo iziperekedwa tsiku lomwelo, pomwepo. Ngati ndalama zachepadi, tiuzeni poyera, tidzanyamula ufa ndi nyemba zathu, bola wotiphunzitsa afike. Madamu aja adamvera pazenera akadali ndi Sitandade 1 teremu ino, ndipo afunsanso ngati ulendo uno dzina lawo likhalepo.