Pepala la mafunso limasokera likafika kwa agogo

M'zipatala zambiri padziko lapansi, munthu woganiziridwa kuti ali ndi matenda a kukhumudwa amayamba wayankha mafunso olembedwa kale. Pepala lotchuka ndi PHQ-9, limene Kurt Kroenke ndi anzake anafalitsa mu 2001. Lili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo, malikisi ake amalekezera pa 27, ndipo wofika pa 10 amaganiziridwa kuti akudwala. Ine ndikuti muyeso umenewu sungadaliridwe wokha pa munthu wokalamba.

Taonani zimene limafunsa: tulo, kutopa, chilakolako cha chakudya, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Agogo odwala nyamakazi, shuga kapena mtima angaunjike malikisi pamenepa maganizo awo ali bwinobwino. Kwinaku agogo ena, amene akuvutikadi mumtima, anakula akudziwa kuti chisoni sauza mlendo, ndiye amakana zonse n'kubwerera kunyumba osathandizidwa. Jerome Yesavage ndi anzake a ku Stanford anaona vuto loyambalo, ndipo mu 1982 anakonzera okalamba Geriatric Depression Scale: mafunso 30 oyankha inde kapena ayi, osakhudza zowawa za m'thupi, amene mu 1986 anawafupikitsa kukhala 15. Linali ganizo lanzeru, komabe pepalali nalonso limafunsa ngati munthu amakonda kukhala pakhomo m'malo motuluka, funso limene wopweteka mawondo angavomere popanda kukhumudwa kulikonse. Kwa amene matenda oiwala awagwira kwambiri, mayankho awo sadalirika n'komwe, n'chifukwa chake muyeso wa Cornell wa 1988 umafunsanso wowasamalira.

Ena adzati madokotala a maganizo ndi ochepa, namwino ali ndi mzere wautali, ndipo pepala lopereweralo likuposa kusafunsa konse. Akunena zoona, ndipo sindikuti tilitaye. Adzatinso PHQ-9 ya m'Chichewa inayesedwa kale ku Malawi, zotsatira zake n'kutuluka mu 2019. Inde, koma inayesedwa pa odwala shuga, osati pofuna kudziwa mmene imagwirira ntchito kwa azaka 75. Malire a malikisi oyenera gulu lina sitingangowasamutsira ku gulu lina.

Njira ina ilipo. Ku Zimbabwe, pulogalamu ya Friendship Bench ya Dixon Chibanda imagwiritsa ntchito mafunso 14 a Shona Symptom Questionnaire, ochokera m'mene odwala a komweko amafotokozera mavuto awo, ndipo wopeza malikisi ambiri amakakhala pabenchi n'kucheza ndi amayi achikulire ophunzitsidwa uphungu. Zipatala zimene zimafunsa okalamba mafunso zikhale ndi munthu wotere, wakuti awafunse za imfa za okondedwa awo, za kusungulumwa, za mankhwala amene akumwa, asanalembe m'buku kuti agogo akudwala kapena ali bwino.