Za Makhadi Akale a Oimba a ku Napoli

Tikambirane za kanthu kakang'ono kokwana m'chikhatho, ndiko khadi la pa positi. Pakati pa zaka za 1895 ndi 1914 anthu a ku Ulaya anali kukonda zedi kutumizirana makhadi okhala ndi zithunzi, ndipo mwa zithunzi zogulidwa kwambiri munali za oimba a opera. Opera ndilo sewero limene kawirikawiri ochita ake salankhula ai, koma aimba mau onse kuyambira pachiyambi kufikira pamathero, zoimbira zambiri zili kuwaperekeza. Munthu wosowa ndalama zolowera m'nyumba ya sewero anali kugula khadi ndi kandalama kochepa, nalisunga m'buku, kuti aziona nkhope ya iye amene sanamumve.

Wofuna kudziwa msinkhu wa khadi ayambe walitembenuza. Loyamba linatuluka ku Austria mu 1869, lopanda chithunzi. Kwa zaka zambiri lamulo la positi linali lakuti kumbuyo kulembedwe keyala yokha. Potero wotumiza anali kufinyikiza moni wake m'mphepete mwa chithunzi, mwina pa malaya enieni a woimbayo. Ku Britain analola mu 1902 kugawa kumbuyoko pawiri ndi mzere, uku keyala uku mau, ndipo ku America analola mu 1907. Tsono mukaona khadi lopanda mzerewo, kawirikawiri ndi la zaka zisanafike zimenezo.

Tiyeni tsopano ku Napoli, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa Italy. Pa makhadi a mzindawu muonekaoneka nyumba yaikulu ya masewero yotchedwa San Carlo. Anaimanga ndi mfumu Carlo wa banja la Bourbon, naitsegula pa 4 November 1737, tsiku la Carlo Borromeo Woyera, mwini dzina lake. Moto unainyeketsa mu February 1816, koma mmisiri Antonio Niccolini anaiutsanso chaka chisanathe. M'kati mwake muli tizipinda ta oonera 184, tosanjikizana m'mizere 6. Rossini analemba masewero ambiri a nyumbayi, ndipo Lucia di Lammermoor ya Donizetti inamveka koyamba momwemo mu 1835.

Pambali pa khadi limeneli ikani lina: mwamuna wojintcha, wovala mkanjo woyera wa wanthabwala, ng'oma yaikulu ili pafupi. Ameneyo ndiye Enrico Caruso, atavalira sewero la Pagliacci. Woona makhadi awiriwa pamodzi angayese kuti nyumba yaikuluyo ndiyo inalera mwana wa mzinda wake. Si momwemo ai. Caruso anabadwa m'banja losauka mu February 1873. Atate ake anali mmisiri wa zitsulo, ndipo iye anayamba kuimba ali mnyamata m'kwaya ya m'tchalitchi, pambuyo pake m'misewu ndi m'nyumba zodyeramo. Sewero lake loyamba analiimba mu March 1895 m'kanyumba kotchedwa Teatro Nuovo, m'tinjira tothinana ta anthu wamba. Kanyumbako kanali ndi mbiri yakeyake: kanatsegulidwa mu 1724, kanapsa mu 1861, kanamangidwanso, ndipo kanapsanso mu 1935. Chomwecho bwalo limene Caruso anapondapo poyamba kulibenso. San Carlo, imene anthu anaijambula kosawerengeka, ndiyo ilipobe. Ogulitsa makhadi anali kutsata chimene chigulika, osati chimene chidzasowa.

Nanga ku San Carlo anakaimbako? Inde, mu December 1901, atatchuka kale ku Milano, m'sewero la L'elisir d'amore. Kulandiridwa kwake sikunamukondweretse, pakuti olemba nyuzi ena a kwao anamupeputsa. Ndipo itatha nyengo imeneyo sanaimbenso sewero m'nyumbayo moyo wake wonse. Mu April 1902 anajambulitsa nyimbo 10 pa mbale za galamafoni m'chipinda cha hotela ku Milano, ndipo mu November 1903 anayamba kuimba ku Metropolitan Opera ya ku New York, kumene anakhalitsa. Apa mpamene Caruso asiyana ndi anzake ambiri a pa makhadi. Iye mau ake tingathe kuwamva kufikira lero. Koma alipo oimba ochuluka a m'timizinda tating'ono amene sanafikepo pa galamafoni: chotsala chao ndi nkhope, chovala cha mfumu kapena cha msilikali, ndi dzina losindikizidwa m'munsi. Kwa otere khadi lili ngati mboni yokhayo, ndipo likang'ambika apita kachiwiri.

Tisaiwale kuti khadi likondera. Lina Cavalieri, wobadwa mu 1874, amene anaimba pamodzi ndi Caruso sewero la Fedora ku New York mu 1906, anajambulidwa pa makhadi ambirimbiri, ena opakidwa utoto ndi manja kuti masaya afiire. Anthu anali kumutcha mkazi wokongola koposa onse pa dziko. Anali woimba ndithu, koma wowerenga makhadi okha angamuyese woposa akazi onse oimba a masiku ake, pamene chogulitsa makhadiwo chinali nkhope. Iye anafa mu 1944 pafupi ndi Firenze, mabomba a nkhondo atagwera panyumba pake.

Caruso anabwerera kwao ali wodwala, namwalira ku Napoli pa 2 August 1921, ali ndi zaka 48. Mfumu ya Italy inalola kuti mwambo wa maliro ake uchitikire m'tchalitchi chachifumu cha San Francesco di Paola, ndipo khamu lalikulu linadzaza bwalo la patsogolo pake. Tchalitchicho, cha mizati yozungulira ngati mwezi wokhala kumene, chionekanso pa makhadi ambiri a mzindawu. Kuchokera pakhomo pake kufika pakhomo la San Carlo munthu ayenda mphindi zowerengeka chabe.