Mapilisi a cilezi ndi ana athu aakazi

M'misonkhano ya amayi a mumpingo nkhani ya mapilisi a cilezi imabwelabwela. Ambili mwa ife timaganiza kuti mtsikana akangopatsidwa mapilisi kukiliniki, manyazi amutha ndipo ayamba kuyendayenda. Mantha amenewa sitiwaseka, pakuti amacokela mu mtima wa kholo.

Koma tiyeni tione ziŵelengelo. Kafukufuku wa boma wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabeleka kale kapena anali ndi pakati. Kumidzi, kumene kiliniki ili kutali ndipo mapilisi sapezeka msanga, ciŵelengeloco cinali cacikulu kuposa m'tauni. Mapilisi akanakhala ndiwo oyambitsa ciwelewele, zinthu zikanakhala motembenuka. Atsikanawa anagona ndi amuna opanda pilisi m'manja: ena cifukwa ca umphawi, ena anakwatiwitsidwa akali ana, ena anakakamizidwa ndi amuna aakulu, nthawi zina acibale. N'cifukwa cake mu 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asakwatiwe, ngakhale pa mwambo.

Cimene ciyenela kutidetsa nkhawa kwambili n'cina. Pilisi imaletsa mimba basi, ndipo imagwila bwino nchito ngati imwedwa tsiku lililonse osadumphitsa. Siiteteza ku HIV, cindoko kapena cinzonono. Mtsikana amene aopa mimba yokha, cifukwa ndiyo imaonekela kusukulu ndi kuchalichi, akayamba mapilisi savutikanso kuuza mwamuna za kondomu. Mwamunayo naye amakondwa. Pamene m'dziko muno atsikana amatenga HIV kwambili kuposa anyamata a msinkhu wawo.

Kodi ndani anaphunzitsa mwanayu kuti mimba ndiyo coopsa cokha? Ndife. Wamimba timamuika pa cilango pamaso pa mpingo wonse, mnyamata amene anamupatsa mimbayo akuimbabe m'kwaya.

Timaphunzitsa kudziletsa mpaka ukwati, ndipo sitileka. Koma alangizi athu ayenela kudziŵa zimene namwino amadziŵa, kuti mtsikana akafunsa za mapilisi asayankhidwe ndi ukali wokha. Akathamangitsidwa pakhomo pa amayi abusa, amakafunsa mnzake wa m'kalasi kapena pa Facebook.