Mbiri ya bambo anga inatha m'mphindi ziwiri

Mwezi watha tinaika m'manda bambo anga kwathu kwa Ngokwe, m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta. Itafika nthawi yowerenga mbiri ya malemu, woyankhulira akuchimuna anaimirira ndi kapepala kothothola m'kope la mwana wasukulu, nati: malemuwa anabadwa chaka cha njala, 1949, anadzakwatira m'mudzi muno, asiya ana 7 ndi zidzukulu 23, ndipo anali munthu wolimbikira ntchito. Basi, n'kukhala pansi. Ine ndinayang'ana wotchi, mphindi ziwiri zinali zisanakwane. Mkulu wina wandale amene sanawaonepo bambowo chibadwire anapatsidwa mphindi 20, ndipo zambiri mwa izo anathera pa nkhani ya mlatho.

Amangwetu, mawu akuti "anali wolimbikira ntchito" tawasukulutsa. Timanenera aliyense. Chidakwa chomwe chinagulitsa malata a nyumba yake chimalandiranso mawu omwewo pamanda, anthu n'kumavomera ndi mitu. Ndiye mwana wa zaka 10 amene wakhala pamaliro a agogo ake amvapo chiyani? Adziwa bwanji kuti agogo akewo anasiyana pati ndi chidakwa chija? Ine ndikuti ngati sititha kutchula ntchitoyo ndi dzina lake, kuli bwino tingoimba nyimbo n'kukwirira.

Ntchito ya bambo anga inali iyi. Ali mnyamata anapita kumigodi ku Joni monga ankachitira anyamata ambiri a m'boma la Machinga. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'chaka cha 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa zolemba anthu opita kumigodi. Bambo anabwerako ndi njinga, mabulangete awiri ndi ndalama zogulira matchera awo oyamba, ndipo sanabwererenso. Kuyambira pamenepo mpaka maso atayamba kuchita chimbuuzi, moyo wawo unali umodzimodzi: kutchera madzulo, kukavuula tambala woyamba asanalire, kuwamba makumba ndi milamba, kumanga dengu panjinga, ulendo wa ku Ntaja kapena ku Nselema. Nsomba zikachuluka ankakwera sitima pa Nayuchi kukagulitsa ku Liwonde ndi ku Balaka. Dzinja likafika, munthu yemweyo ali m'munda wa mpunga. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, malire anali m'madzi momwemo ndipo msodzi akalowera kwambiri kutsidya sankadziwa kuti akumana ndi ndani m'mabango. Iwo ankapitabe chifukwa ana ankadya tsiku lililonse.

Koma chimene chinandiwawa kuti sichinalowe m'kapepala kaja n'cha 1995.

Achinyamata a lero amayesa kuti nsomba za m'Chiuta zimangodzisunga zokha. Ayi ndithu. Zaka za m'mbuyomo nyanjayi inadzaza ndi asodzi a makoka a nkacha ochokera kunyanja zina, ndipo chinthu chinafika poipa pamene Chilwa ankaphwa. Nkacha ndi khoka la maso ang'onoang'ono, limakokolola chilichonse, kholo ndi mwana yemwe, limasalaza pamene makumba amaswera, limavundula madzi amene amayi amatunga, ndipo likapeza matchera kapena miono ya munthu m'njira mwake limangopita nazo. Eni nkachawo anali ndi ndalama. Mafumu ena ankalandira kangachepe n'kumayang'ana kumbali. Asodzi wamba, anthu oti ambiri sanafike ndi Sitandade 5 yomwe, anakhala pansi, anasankha makomiti a m'madoko, ndipo mu 1995 anapirikitsa makoka aja. Sanadikire bungwe lakunja kapena galimoto yochokera ku Lilongwe. Lamulo la zausodzi lopatsa mphamvu makomiti otere linabwera pambuyo, mu 1997, linapeza anthu a ku Chiuta atayamba kale. Anthu ophunzira alemba mapepala ambiri pa nkhani imeneyi, ena anatengerapo madigiri.

Bambo anga anali mmodzi mwa amene analowa m'mabwato masiku amenewo. Sanali wapampando, sanali mlembi, sankatha n'kulemba komwe kupatula dzina lawo. Anali m'gulu la ogwira nkhafi. Ndipo anali mkamwini, musaiwale, munthu woti akanangouzidwa kuti "kwanu si kuno" nkhani n'kuthera pomwepo. Mayi amanena kuti anatha masabata osagona m'nyumba kuopa kuwatenthera. Ine ndinali mwana, ndimangokumbukira kuti ankabwera mawu atasasa.

Makumba amene anapulumuka chaka chimenecho ndi amene anandilipirira sukulu mpaka kukoleji. Apa ndiye pondivuta kulemba. Ndinasiya m'chaka chachiwiri. Anthu ndimawauza kuti fizi inavuta, ndipo inavutadi, koma nanenso ndinafooka msanga, ndiulule. Tsiku limene ndinatsika panjinga ya kabaza ndi chikwama changa, ndinkayembekeza mkuntho. Iwo anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Anandiyang'ana nati: "Wabwerako? Gwira uku." Ndinagwira. Sanadzaitchulenso nkhaniyo mpaka kufa kwawo, ndipo chete ameneyo anandilanga kuposa chikoti.

Tsopano imvani zimene zachitika maliro atangotha. Tisanamete n'komwe, akuchimuna anayamba kufunsa za bwato, matchera ndi njinga. Ati ndi za m'bale wawo. Anthu omwewo amene mbiri anaitha m'mphindi ziwiri, mndandanda wa katundu anaudziwa pamtima mpaka nyale ya m'bwato. Pamenepa sipovuta. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limanena kuti munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi wake, ana ake ndi amene ankadalira iye, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Atsibweni anawauza zimenezi mwaulemu, mfumu ili pomwepo, ndipo anabwerera ndi jekete ndi wailesi zimene mayi anawapatsa mwa kufuna kwawo.

Povuta ndi m'nyumba mwathu momwe. Mwana wa achemwali anga, mdzukulu woyamba wa malemuwo, mnyamata wa zaka 22, akuti bwato ndi matchera tigulitse, iye apeze ya thiransipoti ya ku Joni. Anandiuza maso ali gwa: "Amalume, agogo anayambira ku Joni komweko. Inu munapita kukoleji ndi ndalama za nyanjayi, ine ndipite ndi chiyani?" Ndinasowa poyambira. Mnyamatayu sakunama. Anzake onse a msinkhu wake ali ku Johannesburg kapena ku Durban, ena akutumiza malata, ena angoti zii. Ndipo ine amene ndinadya makumba a sukulu n'kubwera chimanjamanja, ndili ndi nkhope yanji yomuletsera?

Komabe ndikukana, ndipo ndinena chifukwa chake. Agogo ake anapita ku Joni kuti akapeze ukonde. Iyeyu akufuna kugulitsa ukonde kuti akapeze Joni. Agogowo anapita ndi chikalata cha ntchito m'thumba. Iyeyu akupita ndi nambala ya foni ya mnzake. Bwato likagulitsidwa, ogula tikuwadziwa: ndi omwe aja amene usiku amazemba ndi maukonde a udzudzu, ndi amene amaolokera kutsidya kumene malamulo a makomiti athu safika. Pakomiti ya padoko pathu amamvera munthu amene ali ndi bwato m'madzi. Banja lopanda bwato lilibe mawu, ngakhale agogo ake atakhala kuti anagona m'mabango mu 1995. Ndipo madoko onse akataya mabanja otere limodzilimodzi, nkacha sudzafunikanso kupereka kangachepe kwa aliyense, udzangolowa.

Mwina mnyamatayu akanaiona mwina nkhaniyi akanakhala kuti anauzidwa. Koma ndani anamuuza? Kusukulu anaphunzira za John Chilembwe ndi za madamu a magetsi a pa Nkula, osati za doko limene amasambapo. Agogo ake sanali munthu wodzitama. Ife ana awo tinali otanganidwa. Ndipo tsiku limodzi lokhalo limene mudzi wonse unakhala chete kuti umve za munthuyo, tinalipereka kwa mkulu wa mlatho uja. Mlandu umenewu ndi wanga ndi abale anga, sindikankhira akuchimuna.

Loweruka lapitali tinakhalanso pansi pa mango paja. Mayi ndiwo anagamula: bwato silituluka m'banja iwo ali moyo, mnyamatayo aligwiritse ntchito mpaka mpunga utakololedwa, ndalama zake azisunga yekha, ndipo akafunabe za Joni adzapite ndi thukuta lake. Ine anandipatsa yanga ntchito, yogula utoto ndi phula lomatira, popeza akuti ndimalemba m'nyuzi ndiye kuti ndili ndi ndalama. Mnyamatayo sanayankhe kanthu. Lolemba m'mawa ndisananyamuke ndinamuona padoko akukapa madzi m'bwatomo, foni ili pakhutu, akufunsa mnzake mtengo wa basi.