Msonkho wa Kaboni: Ndalama Zake Zioneke Kuno Kunsi kwa Mapiri

Okondedwa abale ndi alongo a ku Mua, Mtakataka, Golomoti ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja,

Ambiri mwa inu mulibe galimoto, ndipo mungadabwe chifukwa chake tikulemberani za msonkho umene unakhazikitsidwira eni magalimoto. Tikutero chifukwa msonkho uliwonse umene wakhudza mafuta umatsetsereka mpaka kufika kwa mayi wokwera matola ndi dengu la usipa, kwa mnyamata wa kabaza, kwa msodzi wa boti la injini, ndi kwa aliyense wopita kuchigayo cha dizilo.

Mu November 2019 boma linayamba kutolera msonkho wa kaboni. Mwini galimoto ankalipira pakati pa K4,000 ndi K15,500 pachaka, malinga ndi kukula kwa injini. Pambuyo pake msonkhowo unasamutsidwira mu mtengo wa mafuta. Ganizo lake n'lomveka ndipo sitikulitsutsa: utsi wa petulo, dizilo ndi malasha ndiwo ukutenthetsa dziko lapansi, choncho amene akuipitsa mpweya alipire. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni wopitirira makilogalamu 2. Dziko la Sweden lakhala ndi msonkho wotere kuyambira 1991, utsi wake wachepa ndipo chuma chake sichinagwe. South Africa anayamba wake mu June 2019.

Koma akatswiri a zachuma omwewo amene amayamikira msonkhowu amanena kuti umagwira ntchito pamene munthu ali ndi kothawira. Wa ku Stockholm mafuta akakwera amakwera sitima ya magetsi. Nanga mlimi wa mpunga wa ku Bwanje akwera chiyani kuti afike ndi matumba ake kumsika? Msonkho ukakhala wa makwacha ochepa pa lita, palibe amene asinthe kayendedwe kake. Yangokhala njira ina yopezera ndalama za boma. Ukakwera mokwanira kuti anthu asinthe, woyamba kufinyika ndi wosauka, amene kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunamusiya kale ali wefuwefu. Ngakhale ku France, dziko lolemera, anthu a kumidzi anatseka misewu mu 2018 pokana kukwera kwa msonkho wa mafuta, boma mpaka linabwerera m'mbuyo.

Tikumbukenso kuti Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani ya mpweya wa kaboni pachaka, pamene wa ku America amatulutsa matani oposa 13. Titati tiimike magalimoto onse a m'dziko muno mawa, nyengo ya dziko lapansi singamve n'komwe.

Pali ena amene akamva zimenezi amafulumira kunena kuti msonkhowo ungothetsedwa basi. Ife sitili nawo kumeneko. Vuto limene msonkhowu ungathandize kuthetsa lilipo ndithu, ndipo tikuliona tikangotukula maso kuyang'ana mapiri a kumadzulo kwathu. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Matumba a makala amene aimikidwa m'mbali mwa msewu wa M5 ndi wa Khwekhwerere ndi mitengo ya m'nkhalango ya Mua-Livulezi ndi ya m'matsitso a mapiri a Dedza. Mitengo ikatha kumtunda, mvula siilowanso pansi. Imathamanga ndi mchenga kutsika mu Nadzipulu, mu Namikokwe ndi mu Livulezi, kugumula magombe, kukwirira minda, kenako mitsinjeyo imaphwa msanga chilimwe chisanafike pakati. Sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kutha mu 2000, inavutika ndi madzi osefukira ndi mchenga patangopita zaka zochepa, mpaka inafunika kukonzedwanso. Amene amalima mpunga kumeneko safunika kuwafotokozera kuti nkhalango ndi chuma.

Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo wootcha makala popanda chilolezo amalandira chilango chowawa. Sitikuikira kumbuyo kuononga. Komabe tinene chilungamo: amene amagwidwa kawirikawiri ndi bambo wa njinga yokhala ndi matumba awiri, pamene malole opita ku Lilongwe amadutsa pa malodibuloko usiku, ndipo makalawo amakaphikira m'nyumba za anthu olandira malipiro, nthawi zina m'nyumba za olemba malamulo omwewo. Bambo uja saotcha makala chifukwa chodana ndi mitengo. Chimanga chinapsa ndi ng'amba ya 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi, ndipo ana akufuna fizi. Mukamulanda njinga osamupatsa njira ina, mawa abwereka ya mnzake.

Apa ndi pamene ndalama za msonkho wa kaboni zikanagwira ntchito yake. Zikanalipira midzi imene ikusamalira mitengo yophukira yokha m'mapiri, kulimbitsa magombe a mitsinje, kutsitsa mtengo wa gasi ndi mbaula zosatha nkhuni, kupereka mapampu a dzuwa kwa alimi a m'madimba. Mabungwe oona za chilengedwe anadandaula kuyambira pachiyambi kuti ndalamazi zimangolowa m'thumba lalikulu la boma, Account Number One, mmene zimasakanikirana ndi zina zonse. Msonkho wotoleredwa m'dzina la chilengedwe koma wogwiritsidwa ntchito zosadziwika umapha chikhulupiriro cha anthu, ndipo tsiku limene boma lidzafune kuti tidzimane pa chifukwa choona, palibe adzamvere.

Ku Golomoti tili ndi chitsanzo chokoma ndi chowawa pamodzi. Malo opangira magetsi a dzuwa a kampani ya JCM Power, a mamegawati 20 ndi mabatire osungira mphamvu, anayamba kugwira ntchito mu 2022, chaka chomwe namondwe Ana anaononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 m'dziko. Anathandiza pa nthawi ya mdima, ndipo tiyenera kunyadira. Koma magetsiwo amalowa m'mawaya a ESCOM n'kupita kutali. Kalembera wa 2018 anapeza kuti kumidzi mabanja osakwana 5 mwa 100 alionse ndiwo anali ndi magetsi a ESCOM. Mwana wowerengera tochi ya foni akuona mawaya akudutsa pamwamba pa denga la kwawo ali ndi ufulu wofunsa kuti chitukuko chimenechi n'cha yani.

Tikuchenjezeninso za malonda a kaboni. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya msika umenewu mu June 2023. Makampani akunja amalipira kuti mitengo yathu isadulidwe kapena kuti amayi aphikire mbaula zosatha nkhuni, iwo n'kulandira ziphaso zowalola kuwerengera phindulo ngati lawo. Ndalama zikhoza kubwera, ndipo si tchimo kuzilandira. Koma Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, ndime 171, anachenjeza kuti malonda otere akhoza kusanduka njira yoti olemera apitirize kuononga ali ndi mtima m'malo. Mu 2024 bungwe la Verra linafafaniza ziphaso zoposa 5 miliyoni za kampani ya C-Quest Capital zitapezeka kuti ziwerengero za mbaula, kuphatikizapo za ku Malawi, zinakokomezedwa. Mafumu athu, ndi inu a makomiti a VDC ndi ADC, musasaine pangano lokhudza nkhalango ya mudzi lisanawerengedwe poyera m'Chichewa. Funsani zaka zake, mtengo wa tani imodzi, gawo la mudzi, ndiponso ngati amayi adzaloledwabe kutola nkhuni zouma, bowa ndi mankhwala.

Kwa maiko olemera mawu athu ndi achidule. Namondwe Freddy wa mu March 2023 anapha kapena kusowetsa Amalawi oposa 1,000, ndipo kafukufuku wa boma anapeza kuti kukonzanso zinthu kukufuna madola pafupifupi 680 miliyoni. Pa msonkhano wa ku Dubai kumapeto kwa chaka chomwecho, maiko analonjeza madola pafupifupi 700 miliyoni ku thumba lolipira zoonongeka za dziko lonse lapansi. Namondwe mmodzi, m'dziko limodzi laling'ono, akanatsala pang'ono kulimaliza thumbalo. Atsogoleri athu akapita ku misonkhano imeneyi asakalankhule ngati opempha, pakuti imeneyi ndi ngongole.

Koma sitingafunse ena chilungamo ife tikubisa mabuku athu. Tikupempha Unduna wa Zachuma ulengeze ndalama zonse zimene zatoleredwa pa msonkho wa kaboni chaka ndi chaka kuyambira 2019, ndi kumene zinapita. Tikupempha Nyumba ya Malamulo iikire ndalamazi thumba lakelake mwa lamulo, gawo lina lizipita ku makhonsolo a maboma amene nkhalango zake zikutha. Inu a m'miphakati, kambiranani kalatayi mukakumana sabata ino, ndipo phungu ndi khansala wanu akadzabwera, adzakuyankheni mafunso awiriwa asanakhale pansi kudya.