Mlandu wa Thomas Dixon Suwola

Pali alembi anzanga amene amati ntchito ya mlembi n'kulemba basi, zimene anthu angachite akawerenga si zake. Ine maganizo amenewa ndimawakanitsitsa, ndipo mboni yanga ndi Thomas Dixon wa ku America.

Dixon adabadwa m'chaka cha 1864 ku North Carolina. Adali mbusa wa mpingo wa Baptist, mlaliki wokoka makamu ku New York, asadasiye guwa n'kuyamba kulemba. Mu 1905 adatulutsa buku lotchedwa The Clansman, ndipo chaka chomwecho adalisandutsa sewero. M'menemo anthu akuda omasulidwa ku ukapolo ndi zilombo zolusira akazi achizungu, pomwe a Ku Klux Klan, gulu lopha anthu usiku, ndi apulumutsi.

Mu 1915 D. W. Griffith adatulutsa kanema wa The Birth of a Nation wochokera pa nkhaniyi. Dixon adanyengerera Pulezidenti Woodrow Wilson, mnzake wa ku yunivesite ya Johns Hopkins, mpaka kanemayo adaonetsedwa ku White House. Mu Novembala chaka chomwecho, Klan yomwe idali itafa kalekale idadzukanso paphiri la Stone Mountain ku Georgia, ndipo pasadathe zaka khumi idali ndi mamembala mamiliyoni. Mtanda woyaka moto umene adayatsa paphiripo sudali mwambo wa Klan yoyamba ija. Adautola m'nkhani ya Dixon.

Ena amati tisamuweruze poti adali mwana wa nthawi yake. Nthawi iti? Kodi William Monroe Trotter, amene adamangidwa ku Boston potsutsa kanemayu, sadali wa nthawi yomweyo? Nanga a bungwe la NAACP? Nanga Oscar Micheaux, munthu wakuda amene mu 1920 adatulutsa kanema wa Within Our Gates woonetsa nkhanza za azungu opachika anthu pamitengo?

Enanso amati Dixon adadzudzula Klan yatsopanoyo. Zoona, adaidzudzula. Koma amene wayatsa tchire dala sangauze bwalo kuti wolakwa ndi mphepo.

Luso adali nalo, ndipo mlandu wake ukukulira pomwepo. Bodza lolembedwa mosasamala limafera m'kabati. Lake lidakometsedwa, anthu n'kuliwombera m'manja. Dixon adamwalira mu 1946, koma ife ogwira cholembera tisamuchotsere mlanduwu. Amene afuna kutamandidwa mawu ake akamanga mudzi, avomerenso kuitanidwa kubwalo akaupasula.